Voti ya M'bokosi la Khasu

Anzanga, khalani pansi kaye. Amene mukudya sambani m'manja, amene foni yatsala pang'ono kuzima ikani pachaja, chifukwa nkhani iyi yandivuta sabata yonse ndipo Loweruka lino ndikuyenera kuimirira pamaso pa anthu n'kuyankhula.

Loweruka tikuvundukula chiliza cha agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, kwathu ku Chigaru. Patha chaka chimwalirireni. Dzina lawo ndi a Yotamu, koma mukafunsa dzina limenelo pa Lirangwe anthu angokuyang'anani. Nenani kuti a Votimodzi, ngakhale wakabaza wobwera dzulo akufikitsani pakhomo. Anaimapo pachisankho kamodzi kokha, kalekale nthawi ya Chitaganya, ndipo m'bokosi mwawo munapezeka voti imodzi. Imodzi, anzanga! Akubanja andisankha ine kuti ndiwerenge mbiri yawo, poti ndine ndinkawajambula mawu pafoni. Nde vuto lonse lili m'fonimo.

Choyamba mudziwe kuti agogo sankakhulupirira munthu. Aliyense. Ukawagulira sopo ankamununkhiza kaye. Mlendo akawapatsa moni wautali, akangotembenuka iwo ankafunsa kuti ameneyu watumidwa ndi ndani. Ndege ikamatsika kulowera ku Chileka ankasiya ntchito n'kuiperekeza ndi maso mpaka ibisike, kenako n'kunena kuti ndege siibwera chabe, pali chimene yadzatenga. Foni yanga ankaitcha kazitape. Ndikaiika pamphasa ankaivindikira ndi chipewa. Ankakonda kunena kuti pamsonkhano usamaope munthu amene akukutukwana, uziopa amene akuwomba m'manja kwambiri pafupi nawe. Ndipo chisankho chilichonse chimene ine ndachiona, agogo ankavala jekete, kukhala oyamba pamzere, n'kulamula kuti aone m'kati mwa bokosi lisanatsekedwe. Ankaligogoda ndi ndodo pansi pake. Oyang'anira anachita kuwazolowera: "Madala afika, atsegulireni aone, apo ayi sitiyamba lero."

Ndili mwana ndinkangoseka. Nditakula mpamene ndinayamba kudzifunsa kuti kodi munthu wokayikira aliyense chonchi, iyeyo akubisa chiyani?

Munthu amene ankamukayikira kuposa onse anali mlamu wawo, a Sailesi, achimwene awo a agogo aakazi. Dzina limeneli muligwire. Agogo sankawatchula dzina, ankangoti Yudasi. Mudzi wonse unatengera, mpaka ana a a Sailesi kusukulu ankatchedwa a kwa Yudasi. Pa ukwati wa mayi anga, a Sailesi ndiwo anali ankhoswe poti ndi malume awo, koma agogo anakana kukhala nawo benchi imodzi, anachita kunyamula mpando wawo kuchokera kunyumba. Koma chodabwitsa n'chakuti madzulo aliwonse dzuwa likapendeka, anthu awiri omwewa mumawapeza pakhonde la telala pa Lirangwe akusewera bawo. Ine ndinawaona ndi maso angawa ndili ku pulayimale.

"Alamu, njere ija mwaibisa m'chikhatho, ndaona."

"Ine ndibise njere? Tasewerani apa, dzuwa likupita."

"Munthu wobisa pepala angalephere kubisa njere?"

"Langa linali m'bokosi, alamu. Mulungu ndi mboni."

"Musamutopetse Mulungu, ali ndi milandu yambiri."

Atelala kuseka mpaka kusiya makina. Mawa lake chimodzimodzi, mawu ake omwewo, zaka ndi zaka.

Kuti mumvetse za pepalalo ndibwerere m'mbuyo. Kumene agogo anachokera nako kuli nkhani zitatu. Bambo awo anali Mlomwe, anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi ali kamnyamata, n'kudzalowa thangata pa esiteti ya mzungu. Agogo ankati iwo anabadwira pa esitetipo. Pepala la ubatizo likutchula mudzi wina. Adani awo ankati anabadwira kutsidya, anawoloka malire ali kumsana. Ku Chigaru anabwera ngati mkamwini, atakwatira m'banja la eni nthaka akalekale. Nde munda umene ankalima sunali wawo, mwini mbumba anali a Sailesi omwewo.

Sukulu anangoilawa. Chingerezi anachitola ku bwalo la ndege ku Chileka, kumene ankasesa ndi kunyamula masutikesi a azungu, muja dziko lathu analimangirira pamodzi ndi maiko awiri a Rodeshiya eni ake asakufuna. Nyuzipepala zimene azungu ankasiya pamipando iwo ankazipinda n'kuzilowetsa m'malaya, Loweruka n'kupalasa njinga mpaka pa Lirangwe kukawerengera anthu, uku akumasulira. Khadi la chipani cholimbana ndi Chitaganya anali nalo, anandionetsa, lofumbutuka m'mbali ngati tsamba la fodya. Koma apa mpamene pamandivuta ine. Itafika nthawi yomanga anthu a chipani, asilikali ankatsikira pa Chileka pomwepo. Anzawo a agogo anakwezedwa m'malole. Iwo ayi. Anapitiriza ntchito, akunyamula zikwama za asilikali omwewo. Ndinawafunsa kangapo konse. Tsiku lina anati bwana wawo anawaikira kumbuyo. Tsiku lina anati dzina lawo linalembedwa molakwika pamndandanda. Tsiku lachitatu anangondifunsa kuti wandituma ndani.

Kenako kunabwera chisankho cha khonsolo, chosankha munthu wokaimira dera lathu ku Boma. Agogo maso awo anali ku nyumba ya malamulo ku Zomba, kukhonsolo kunali pongopondera. Chipani chinasankha munthu wake, aphunzitsi ena odziwika bwino. Agogo anati ayi, ine ndiima pandekha. Masiku amenewo kuima pawekha kunali kuvula malaya pafupi ndi mng'oma wa njuchi. Komanso si aliyense ankavota ayi, ankafuna munthu wokhoma msonkho, wodziwa kulemba dzina lake kapena wokhala ndi kakatundu kooneka. Agogo aakazi analibe voti. A Sailesi anali nayo, poti anali ndi ngolo ndi ng'ombe, ndipo ndiwo anayamba kusaina pepala lovomereza kuti alamu awo aime.

Mfundo zawo, kunena zoona, ine ndikaziyerekeza ndi za andale amene timawaona pafoniwa, agogo anali patsogolo. Ankafuna mlatho pamtsinje kuti odwala asamatsakamire kutsidya mvula ikagwa. Ankafuna sukulu ku Chigaru. Ankafuna kuti ana a anthu obwera, obadwira konkuno, asamatchedwenso alendo pa nkhani ya minda, ndipo pamenepa eni nthaka ena anayamba kale kuwayang'ana cham'mbali. Koma zonsezi anthu akanazimeza. Chimene chinawagwetsa ndi mizere.

Inu ana a masiku ano mizere mumaiona ngati inabwera ndi Adamu. Ayi ndithu. Makolo ankalima matutu. Boma la atsamunda ndi limene linabwera ndi malimidwe okakamiza: unda mizere yopingasa, kumba milambala, ukakana chindapusa kapena ndende. Alangizi ankayenda ndi chingwe kuyeza m'minda, mzere ukapotoka akugumulira pomwepo iwe ukuona. Anthu anaipidwa nazo mpaka kugumula mzere kunasanduka njira yotukwanira Chitaganya. Nde agogo anakwera pangolo ya a Sailesi tsiku la msika pa Lirangwe. Amene analipo amafotokoza chonchi.

"Chitaganya chife!"

Anthu onse: "Chife!"

"Chindapusa cha malimidwe chithe!"

M'manja, nthungululu, fumbi kobo.

"Koma abale anga, mizere yokha tisaisiye. Mzungu adzapita, koma mvula sadzapita nayo. Dothi la Chigaru likuthera mu Shire ife tikuona."

Zii. Kenako wina kumbuyo anakuwa: "Akudyetsa chiyani azungu ako a ku Chileka?" Wina: "Bwerera kwanu kwa Apwitikizi ukaunde mizere kumeneko!" Zitsononkho zinayamba kuuluka, ng'ombe kudzidzimuka, agogo n'kugwa chagada m'ngolo momwemo.

Munthu wina akanaphunzirapo. Agogo ayi. Atafunsidwa chizindikiro choti chimatidwe pabokosi lawo, munthu wamkulu anasankha khasu. Khasu, anzanga! Chaka chimene anthu akumangidwa chifukwa cha khasu! Kutatsala masiku awiri, agogo aakazi akutuluka m'mawa kuti asese, ali ndi pakati pa mwana wawo woyamba, anapeza pakhomo penipeni wina waunda mzere umodzi. Waufupi, kutalika kwake ngati munthu atagona. Kumutu kwake atazika khasu. Palibe anafunsa tanthauzo lake.

Tsiku lovota, mabokosi anali awiri kuseri kwa nsalu m'kalasi, lina la aphunzitsi aja, lina la khasu. Umalowa wekha, kuponya pepala lako m'bokosi limene wafuna, n'kutuluka. Panja anyamata a chipani ali ndi zibonga, akuyang'ana nkhope ya aliyense wotuluka. Powerenga, anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Bokosi la aphunzitsi atalikhuthula, mapepala mbwee patebulo. Bwana wa ku Boma anatenga la khasu, kulitembenuza. Kapepala kamodzi kanatsika pang'onopang'ono ngati nthenga. Analigwedeza. Analimenya kumbuyo. Anasuzumiramo ndi diso limodzi. Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete.

A Sailesi anali ataima pambali pa agogo. Agogo anatembenuka, n'kufunsa mokweza kuti aliyense amve: "Alamu, nanga pepala lanu lili kuti?"

A Sailesi anati, "Langa ndi limenelo."

Anthu anaseka kuposa poyamba. Eetu, ndani angakhulupirire? Kodi alipo munthu woima pachisankho amene sadzivotera yekha? Kuyambira tsiku limenelo agogo anakhala a Votimodzi, munthu wouma mutu koma wolimba mtima, amene anaima yekha dziko lonse litamutembenukira. A Sailesi anakhala Yudasi, wosaina masana n'kukagulitsa mlamu wake kuseri kwa nsalu.

Ine ndakhala ndikuitembenuza nkhaniyi ngati chimanga chootcha, ndipo mbali zonse ikupsa. A Sailesi nawo sanali oyera ayi. Pasanathe chaka anakhala wapampando wa nthambi ya chipani m'mudzi mwathu. Chipani chikanapereka mpando kwa munthu amene anavotera khasu? Komanso ena onse amene anasaina pepala la agogo anathawa, nanga a Sailesi okha akanalimba bwanji? Koma mbali inayi, a Sailesi atamwalira, ine ndili sitandade faifi, agogo anakana kuyankhula pamaliro. Koma mvula itayandikira anadzuka ndi khasu, osauza munthu, kukaunda mizere m'munda wa mkazi wamasiye wa a Sailesi. Munda wonse, okha, munthu wokalamba kale. Zaka zitatu zotsatizana. Ndipo bawo sanaligwirenso. Munthu amalimira Yudasi munda chifukwa chiyani?

Tsopano za foni. Miyezi itatu agogo asanamwalire, masana ena ndinawapeza akusema mpini, ali bwinobwino, akuseka. Ndinaika foni m'thumba la malaya ikujambula. Inde ndikudziwa, ndinakhaladi kazitape uja ankanena. Tinacheza za Chileka, za mlatho umene unadzamangidwa ndi anthu ena iwo osaitanidwa n'komwe. Kenako ndinangolasa.

"Agogo, tsiku lija kuseri kwa nsalu. Inuyo pepala lanu munaponya m'bokosi la khasu?"

Anasiya kusema. M'fonimu mukumveka nkhuku, mukumveka chigayo patali, masekondi khumi ndi anayi osayankhula, ndawawerenga. Kenako anayankha mawu amodzi. Ndipo mawu amenewo, anzanga, mpaka lero sindikudziwa ngati anati "ndinaponya" kapena "ndinaphonya."

Mwaiona nkhaniyo? Kuponya ndi kuphonya. Kusiyana kwake ndi kampweya chabe, ndipo agogo mano anali atatsala awiri, mpweya nawo unali utayamba kuwathera. Ngati anaponya, voti ija inali yawo, a Sailesi ananamadi. Ngati anaphonya, ndiye kuti munthu analowa kuseri kwa nsalu, anakumbuka mzere uja pakhomo ndi mkazi wapakati, dzanja n'kupita kubokosi la aphunzitsi. Ndiye kuti munthu mmodzi yekha m'dera lonse amene anavotera khasu anali a Sailesi, ndipo malipiro ake anali dzina la Yudasi mpaka m'manda.

Nthawi imeneyo ine ndinamva "ndinaponya," poti ndi zimene ndinakula ndikumva. Sindinafunsenso. Iwo anawonjezera kuti, "Mlamu wanga uja, Mulungu amuone," n'kupitiriza kusema. Nanga mawu amenewo ndi dalitso kapena temberero? Kwathu kuno timanena onse awiri chimodzimodzi. Ndinadzamvetsera bwino atamwalira kale, ndili ndi mahedifoni, ndipo apa ndinamva "ndinaphonya." Ndabwereza kosawerengeka. Ndachedwetsa liwiro mpaka agogo kumveka ngati ng'ombe. M'mawa ndimamva kuponya, madzulo kuphonya. Mwinanso madala aja anachita dala, anadziwa kuti kazitape ali m'thumba, n'kuwaika mawuwo pakatikati penipeni. Sindingadabwe, anali otero.

Ndinawaikira mayi anga mawuwo kamodzi. Anamva, n'kunena kuti, "Anaponya," osandiyang'ana. Kenako anatenga tsache kukasesa pamene anali atasesa kale. Atabwerako anati, "Iwe Mada, Loweruka ukawerenge zimene takulembera. Agogo ako anali munthu wolimba mtima, analimbana ndi Chitaganya, anaima okha. Basi. Zam'fonizo zikhale m'foni momwemo. Ukufuna anthu akaseke bambo anga ali m'manda?"

Ndikanangomvera, nkhani ikanathera pomwepo. Koma pakamwa pangapa mukupadziwa, ndinali nditauzako mnzanga mmodzi, ndipo Lirangwe ndi yaing'ono. Lachiwiri ndikudutsa pamsika ndinamva, "Mada, tabwera kuno." Anti Esinati, mwana woyamba wa a Sailesi, amene amagulitsa nandolo ndi tomato pafupi ndi siteji. Munthu wa imvi mutu wonse, koma mpaka lero amayi ena akakangana nawo pamtengo amawauza kuti magazi a Yudasi sasuluka.

"Akuti uli ndi mawu a ankolo m'foni mwako."

"Ee, ochepa chabe, anti. Nkhani za ndege."

"Anawatchulapo bambo anga?"

Ine maso pa tomato.

"Usaope, mwanawe. Ine sindikufuna chipepeso, ndikachitenge kwa ndani? Bambo akumwalira anandigwira dzanja, anati Esinati, ine sindinagulitse munthu. Ndinawayankha kuti ndamva, bambo. Koma mumtima ngakhale ine mwana wawo sindinawakhulupirire. Chimenecho ndi chimene chimandiwawa. Ndikungofuna ndimve ndi khutu langa."

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinawauza kuti foni yatha moto. Foni ili ndi moto wodzaza, ikunjenjemera m'thumba ndi mauthenga anu omwewa. Anangondiikira tomato atatu m'jumbo. "Ukawapatse mayi ako. Loweruka ndibwera, ndikhala kutsogolo."

Nde ndi pamene ndili. Ndikawerenga pepala la mayi, anti Esinati abwerera kwawo ndi dzina lomwe lija, ndipo ine ndidzakhala ndikudziwa kuti mwina ndinawabisira chinthu chokhacho chimene akufuna pamoyo wawo. Ndikaika foni pa sipika, theka la anthu limva kuponya, theka kuphonya, mabanja awiri agawanika pamanda pomwepo, ndipo agogo anga, amene chuma chawo chonse chinali voti imodzi ija, nayonso ndiwalanda. Ndikawaikira anti mawuwo paokha, nanga akamva "ndinaponya"? Ndiye kuti ndawaphera bambo awo kachiwiri ndi dzanja langa.

Ndikulemba izi nditaima pabwalo kwa agogo. Pakona ya khonde pamene ankakhala, pakhoma patsala chibanga chakuda pamene ankatsamiritsa mutu, ndipo pansi pali timaenje tinayi ta miyendo ya mpando. Mpandowo amalume anapita nawo ku Ndirande. Mayi amazira khonde lonse koma timaenjeto amatilambalala. Pakhomo ponse pano netiweki imagwira bwino pakona pomwepo basi, koma chaka chonsechi palibe amene wakhalapo pansi. Tonse timaima chapatali, dzanja lili m'mwamba, kusaka netiweki ngati anthu opempha mvula, pamalo pabwinopo pakugona mbuzi.

Loweruka ndi mkuja. Mukanakhala inu, foni ili m'thumba, anti Esinati ali kutsogolo akukuyang'anani pakamwa, mukanatani?